Bambo omvera mabatire ku Kande

Ndinakulira ku Ntcheu, kumapiri, komwe mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Choncho nditapeza ntchito yoyendetsa galimoto pa loji ina ku Kande, ndinkawaseka anzanga akunyanja. Mwera ukangoomba masiku awiri, iwo ali kale m'majekete ndi zipewa zaubweya. Ine ndinkayenda ndi bulauzi yokha n'kumawauza kuti kuzizira sakukudziwa.

Galimoto ya pa lojipo inali mbali yawo. Inali yakale ndithu, yotsegula kumbuyo, ndipo ntchito yake yaikulu inali kukatenga katundu wa kukhitchini ku Mzuzu Lachisanu lililonse. Miyezi yotentha inkalira ndikangopotokola kiyi. Koma Juni wa chaka changa chachiwiri, m'mawa wina ndinapotokola kiyi, iyo n'kungoti khe, khe, khe, kenako zii. Masana dzuwa litaiwomba inalira bwinobwino. M'mawa mwake, chimodzimodzi. Kwa mlungu wathunthu anthu osesa, ochapa ndi ophika ankasiya ntchito zawo kudzakankha galimoto pamchenga, ine ndili pachiwongolero manyazi atandigwira.

Mwini loji anali mayi wosakonda zozengereza. Anandiitana n'kunena kuti, "Batire limenelo latha. Lachisanu mukagule latsopano, anthu anga asathyoke misana."

Bambo amene ankayang'anira khitchini, mbadwa ya konkuno, anamva zimenezi ali pakhomo. Abwana atachoka anandikokera pambali.

"Ama, musanataye batirelo, kalionetseni kwa ada aja akuseri kwa tchalitchi. Ndi amene amasamala mabatire a asodzi, oyatsira nyale za usipa. Akakuuzani kuti lafa, ndiye kuti lafadi."

Abwana anavomera monyinyirika, bola Lachisanu ulendo usalephereke. Lachiwiri m'mawa anzanga anakankhanso galimoto, ndipo ndinapita ndekha.

Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, pakati pa minda ya chinangwa. Padenga panali masola anayi, ndipo pakhonde panali mabatire oposa khumi atandandalikidwa pathabwa. Bambo wamtali, wa imvi zapatalipatali, wovala magalasi akuda, anakhala pampando wamatabwa akupukuta waya. Ndisanazimitse n'komwe injini, anakweza dzanja.

"Imikani moyang'ana kumunsi, ama, kuti mukafuna kukankha musavutike."

Tinalonjerana. Chitonga changa chinathera pa moni, iwo n'kuseka, n'kusinthira ku Chichewa chawo chosakaniza. Ndinawafotokozera vuto langa. Ananyamuka, dzanja limodzi likutsata chingwe chimene chinamangidwa kuchokera pakhonde mpaka pamtengo wa mango, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti bamboyo saona. Ndinaganiza kuti bambo akukhitchini aja andiseweretsa.

Anapapasa boneti, kuitsegula, manja awo n'kupita molunjika pabatire ngati analiika okha. Anamasula mitu yonse iwiri, kulinyamula, n'kukaliika pathabwa lija. Kenako analipendeketsa pang'ono uku ndi uku, khutu lili pafupi.

"Lili ndi ludzu. Munalimwetsa liti?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti batire limamwa.

Anatsegula tizivindikiro tisanu ndi kamodzi tapamwamba pake. Anandiuza kuti m'kati mwa batire muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi zitsulo zake zomira m'madzi a asidi. "Tsopano maso anu agwire ntchito. Suzumirani. Ndi chipinda chiti chimene zitsulo zayandama?"

Ndinawerama kuti ndione. Mwadzidzidzi anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Vulani chibangilicho!"

Ndinali ndi chibangili chachitsulo chopyapyala kudzanja lamanja. Ine mwini sindinkachimva kulira, koma iwo anachimva chikugunda batani la malaya anga. Anandifotokozera kuti chitsulo chikakhudza mitu iwiri ya batire nthawi imodzi, moto wake umaotcha mpaka fupa. Kenako, mawu atatsika, anati ali mnyamata ankagwira ntchito m'galaja ku Joni, ndipo tsiku lina sipanala inagwera pabatire limene linali patchaja. Batirelo linaphulikira kumaso kwawo. Anabwerera kumudzi atagwiridwa dzanja.

"Ndiye simuliopa?" ndinafunsa.

"Ndimaliopa kwambiri. N'chifukwa chake ndimalimvetsera."

Ndinaika chibangili m'thumba n'kusuzumira. M'zipinda zitatu zitsulo zinali zouma pamwamba, makamaka chachinayi. Anatulutsa botolo la madzi a batire, n'kundiuza kuti ndizithira pang'onopang'ono mpaka zitsulo zimire. Anati madzi a m'nyanja kapena a pamjigo ndisadzayerekeze, amapha batire. Atatha kupala zoyera zimene zinamera pamitu, analumikiza tchaja ya ku sola, n'kundiuza kuti ndibwere dzuwa likafika pamutu. Ndinabwerera ku loji wapansi.

Masana ndinawapeza atagwada pafupi ndi batire langa, atagwira kapaipi kapulasitiki kotalika ngati mkono. Mbali imodzi anaiika pakhutu, inayo pakamwa pa chipinda choyamba. Anamvetsera. Anasunthira pa chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza, nkhope yawo ili phee ngati munthu amene akumvetsera ulaliki. Kenako anandipatsa kapaipiko.

"Mverani nokha. Musapume pafupi, mpweya wake ndi woipa."

Ndinaika pakhutu. Poyamba sindinamve kanthu, mwera wokha m'masamba a mango. Kenako ndinamva: kaphokoso kakang'ono, kosalekeza, ngati mvula yowaza ikugwa paudzu kutali. Chinthu chakuda, cholemera, chimene ndinkachitenga ngati mwala, chinali kuwira m'kati mwake mwakachetechete. Chipinda chachiwiri chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi. Pa chachinayi ndinadikira nthawi yaitali. Panalibe kanthu, kupatula kamodzi kokha, thu, kenako bata.

"Mwamva?" anafunsa. "Zisanu zikuyankhula. Chachinayi chikungoyasamula. Kukatentha, zisanu zija zimachinyamula, inu osadziwa kanthu. Kukazizira, chilichonse chimafooka, ndiye palibe wonyamula mnzake. Injini nayo mafuta ake amakhala atalimba, imafuna mphamvu zambiri. M'pamene mumamva khe, khe, khe."

"Ndiye lafa, ada?"

"Sindinanene choncho. Chakufa sichiyasamula. Lisiyeni masiku atatu, ndizilipatsa moto wochepachepa. Mukalithira moto wambiri nthawi imodzi mumalimaliza. Mubwere Lachisanu m'mamawa, kukadali kozizira. Likalira masana silinatiuze chilichonse."

Masiku atatu amenewo ndinkangoganiza za kaphokoso kaja. Ndinali nditayendetsa galimoto zaka zisanu ndi ziwiri, chiphaso ndili nacho, koma sindinkadziwa kuti pansi pa boneti pali zinthu zimene munthu angazidziwe ndi khutu lokha. Abwana anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndinawayankha kuti sindikutsimikiza kanthu, koma ndikufuna kuona mapeto ake.

Lachisanu kunacha ndi mwera wamphamvu. Nanenso tsiku limenelo ndinavala juzi. Ndinawapeza ada aja atabwezera kale batire m'galimoto, mitu atapaka girizi. Anaimirira pambali, dzanja limodzi pachitsulo cha kutsogolo.

"Potokolani."

Ndinapotokola. Injini inalira nthawi yomweyo, mwamphamvu, mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinakuwa ndi chisangalalo, koma iwo sanamwetulire. Anapendeketsa mutu.

"Pondani pang'ono. Yatsani nyale zonse. Pondaninso."

Ndinatero. Anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndizimitse.

"Pali kamluzu. Simukukamva? Lamba amene amazunguza makina odyetsa batire walefuka, akuterereka. Mumayenda ulendo wonse wa ku Mzuzu batire likudya theka. Mukanagula latsopano, nalonso likanafa ndi njala."

Ine kamluzuko sindinakamve, ngakhale anandiuza pomvetsera. Anatenga dzanja langa n'kuliika palambayo, n'kundiuza kuti ndidinikize ndi chala. Anabonyoka ngati chingwe choyanikapo zovala. Anamasula bawuti, kukoka makinawo ndi chitsulo, kumanganso, zonsezi nkhope itayang'ana kumwamba. Atatha anapukuta manja n'kundiuza maganizo awo.

"Chachinayi chadzuka, koma chadzuka ngati munthu wochira matenda aakulu. Chaka chino likutengani. Muzisuzumira madzi mwezi ndi mwezi. Koma mvula ikadzatha, mwera usanabwerere, musadzadikire kuti likufereni panjira. Mudzagule latsopano. Kawiri sindingalidzutse."

Ndinawathokoza m'Chitonga, yewu ada, yewu ukongwa, iwo n'kuseka katchulidwe kanga.

Ku Mzuzu ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Ndinalowa m'galaja ina n'kupempha kuti andipimire batire, osanena kanthu za kumene ndachokera. Makaniko anabweretsa chida chake chagalasi, kuyamwa madzi a chipinda chilichonse, kuwerenga manambala, n'kulemba papepala. Atamaliza anati, "Mayi, batire lanu lili bwinoko, koma chipinda ichi chikutsalira." Analoza ndi cholembera. Ndinawerenga kuchokera kumutu: choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Ndinakhala pansi pathayala lakutha limene linali pomwepo, makaniko n'kumandifunsa ngati ndadwala.

Nditabwerera ndinawafotokozera abwana zonse. Anamvetsera osandidula, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Mlungu wotsatira anatuma anthu kuti anyamule mabatire onse a sola a pa loji kupita nawo kuseri kwa tchalitchi, ndipo iwo eni anatsatira kukaona ndi maso awo. Atabwerako anangoti, "Bambo aja akuti mabatire awiri ndi akufa. Ndi omwe aja ndinkawakayikira."

Galimoto sinakankhidwenso chaka chimenecho. Inadutsa Julayi, inadutsa dzuwa la Okutobala, inadutsa matope a dzinja lonse. Chakumapeto kwa Epulo, m'mawa wina, sitata inakoka mwaulesi pang'ono isanagwire. Lachisanu lomwelo ndinagula batire latsopano. Lakale lija ndinakalisiya pakhonde pa ada aja, ndipo anati kuyatsa nyale ndi ntchito yopepuka, likhoza kuigwira nyengo ina yonse. Analipereka kwa msodzi wina wa ku Tukombo amene lake linali litagwera m'madzi.