Luzi la Mfundo m'Chigafa

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Januwale.

Ndadzuka ndi mtima wolemera. Madzulo ano anzanga m'hositelo akukangana za ndowa yosambira, koma ine maganizo ali pa luzi lina lake. Dzulo achimwene anga a Lufeyo anaimba pa foni ya amatironi, ndipo zandikumbutsa chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Nthawi imeneyo kwathu ku Kabudula tinkadziwa kuti achimwene amasamalira maluwa panyumba ya mzungu ku Kepitauni. Lamulungu lililonse ankaimba. Tsiku lina amayi anandituma kukatchajitsa foni pamsika, ndipo pobwerera inalira ndili ndekha m'njira.

"Esinati, tamvera bwino. Abwana anditenga pa bwato lawo la matanga, tikuwoloka nyanja yamchere mpaka ku Brazil. Tilipo atatu okha, ine wophika ndi kukoka zingwe. Kulibe netiweki kumeneko. Ndikhala chete masiku makumi awiri ndi asanu. Ukawauze amayi."

Sindinawauze. Abambo anapita ndi madzi a Bua ndili wakhanda, ndipo amayi ngakhale pamlatho ankawoloka atatsinzina. Ndinkayesa ndikuwateteza.

Inali nyengo yosoka fodya. Ndinatenga luzi limodzi n'kulisomeka m'denga la chigafa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamangapo mfundo imodzi. Kusukulu anzanga akapita kosewera fulaye, ine ndinkatsala m'kalasi ndi buku la mapu, chala chili pa madzi obiriwira opanda dzina la mudzi ngakhale limodzi. Kodi achimwene amaima pati kuti apume? Tomato amagula kuti? Panalibe woti ndimufunse.

Amayi ankaika foni pazenera pomwe netiweki imagwira. Lamulungu lachitatu litadutsa anangoti, "Watchona mwana uja," n'kunyamula khasu.

Mfundo zinakwana makumi awiri ndi zisanu. Foni ili zii. Ine ndinkayesa bwato lili ngati basi, limafika tsiku lomwe anena. Chakudya chinaleka kulowa. Ndinkamangabe mfundo, manja akununkha utomoni wa fodya, ndikulira mosatulutsa mawu.

Tsiku la makumi atatu, pochokera kusukulu, ndinapeza amayi pachigafa akutembenuza luzi lija ndi kamtengo.

"Usayandikire! Taona mfundozi. Wina watitchera mankhwala, n'chifukwa chake mwana wanga wandiiwala. Mwini wake ndikumudziwa."

Maso awo anali kunyumba kwa anaPhiri, omwe tinakangana nawo malire a munda. Amayi anamangitsa chitenje m'chiuno n'kuyamba kulowera komweko.

Ndinagwada m'matope. "Ndi langa, amayi. Ndimawerengera masiku."

Ndinawauza zonse. Ndinkadikira mbama, koma anangokhala pansi, miyendo tambalale.

"Mwezi wathunthu," anatero, "iwe ukulira kuseri kwa chigafa, ine ndikulira kumunda. Eti mwana iwe? Ukanandiuza, bwenzi tikuopa tili awiri."

Anatola luzi lija ndi manja. Mfundo ya m'mawa mwake anamanga ndi iwo.

Foni inalira titamanga ya makumi atatu ndi zitatu. Achimwene anati mphepo inaleka kwa sabata yonse, matanga ali lende, bwato osasuntha. Madzi akumwa ankayeza ndi kapu. Aliyense ankagwira chiwongolero maola anayi ali yekha, anzake akugona, osaona mtengo kapena utsi kulikonse.

"Koma ndinkalimba mtima," anatero, "podziwa kuti amayi akundipempherera."

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditawamana achimwene chinthu chokhacho chimene akanachilandira kuchokera kwathu ali pakati pa madzi.

Dzulo andiuza kuti Loweruka akuwolokanso. Kenako anatsitsa mawu: "Ulendo uno mwina usawauze amayi. Paja magazi awo akumathamanga masiku ano."

Ndaganiza tsiku lonse, mpaka masamu sindinamve. Achimwene amadziwa mphepo ndi matanga, koma sanawaone amayi atakhala pansi pachigafa paja. Ine ndinawaona.

Mawa ndipempha chilolezo kwa amatironi, ndikwere kabaza mpaka kwathu. Ndikawauza ndili pafupi nawo, nditawagwira dzanja. Luzi tikatenga m'chigafa, ndipo mfundo yoyamba akamanga ndi iwo.