Njerewere za pa Mizu ya Mtedza

Mayi anali ndi duku lofiira, lothothoka m'mphepete, limene ankangovala Lamulungu. Tsiku lina anakulungamo mizu ya mtedza, dothi lili lomwe, ndipo mpaka lero ndimawaona akumanga mfundo yake.

Munali m'masiku a Chitaganya, tikukhala ku Nancholi. Bambo anali kuntchito ku Halale, ndipo chotidyetsa chinali kamunda ka katondo kuseri kwa nyumba. Chimanga chinali chitakana zaka ziwiri, ndiye mayi anadzalamo mtedza. Tikupalira, ine ndinazula phando limodzi mwangozi. Mizu yake inali mbwee timatuza ngati njerewere, ndipo m'dothi lomatirira munayanga timaulusi toyera. Tinazula lina, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzinso.

"Nthaka yadwala," anatero mayi, n'kukhala pansi pamzere pomwepo.

Nthawi imeneyo alangizi a zaulimi ankaopedwa ngati apolisi; munthu ankatha kumangidwa chifukwa cha mizere chabe. Mayi anaganiza zozula munda wonse n'kutentha alangiziwo asanauone. Tikanaotcha chakudya cha chaka chathunthu chifukwa cha mantha. Amene anawagwira dzanja ndi amalume, omwe ankasamalira maluwa kwa Mzungu wina ku Nyambadwe. "Achemwali, moto suthawa. Yambani mwafunsa."

M'mawa mwake mayi anandiperekeza kusukulu, kamtolo kali m'manja. Aphunzitsi anamasula, anathothola kanjerewere kamodzi n'kukatswanya ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira ngati nyama yaiwisi. Anaseka.

"Mayi, musazule ayi. Umu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timatenga chakudya mumpweya n'kupatsa mtedza, mtedzawo n'kumagawira tizilomboto zotsekemera zake. Timaulusiti ndi abale ake a bowa, timakatunga madzi ndi chakudya kumene muzu sungafike. Njerewere za matenda sizithothoka chonchi, zimatupitsa muzu weniweniwo."

Mayi anafunsa kawiri ngati aphunzitsi akunenetsa. Kenako mapewa awo anagwa ngati atula mtolo wa nkhuni. Pobwerera, monga ndinamvera kwa amalume, mayi ankangoimba nyimbo yachilomwe imene makolo awo anabwera nayo kuchokera kwa Apwitikizi.

Mvula itatha tinakumba mtedza wochuluka, wina tikutafuna wauwisi, mkaka wake ukutuluka m'milomo. Masangwi tinakwirira m'mizere monga anatiuzira aphunzitsi, ndipo chaka chotsatira chimanga chinabiriwira pamalo pomwe chinkakana.

Koma ine, nyengo yonse ija, ndinkangotswanya tinjerewere n'kumayang'anitsitsa padzuwa mpaka misozi, kufuna kuona tizilomboto tikuyenda. Sindinaone kanthu. Mumtima ndinagamula kuti aphunzitsi anangopeka nkhaniyo pofuna kutonthoza mayi, ndipo ndinawasungira chinsinsi chawocho. Nzeru zanga zinali zisanafike pomvetsa kuti chinthu chingakudyetse chaka ndi chaka iwe osachionapo nkhope.