Tsiku Limene Tinaveka Atsikana Jombo za Anyamata

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anayamba kundivuta pa nkhani ya sukulu. Sikuti anali wamwano ayi. M'mawa ankavala yunifolomu bwinobwino n'kutsanzika, koma akafika pamphambano, m'malo mokwera kusukulu ankatsetserekera kudoko. Kumeneko ankasenzera mabeseni amayi ogula usipa, ndipo tsiku lobwera sitima ndiye m'kalasi sankapondamo n'komwe. Ine ndinkagulitsa mandasi ndi nthochi padoko pomwepo, koma mwanayo ankadziwa kundizemba: ndikakhala uku, iye ali uko. Ndinamukalipira, ndinamulirira, ndinapita naye kwa amayi a kumpingo kuti amulangize. Potsiriza ndinangomupereka m'manja mwa Mulungu, chifukwa ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 ndipo kuwawa kwake ndimakudziwa.

Yankho linabwera m'njira imene sindinaiganizirepo. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kuoneka kuno ku Nkhata Bay. Bungwe lina linayambitsa matimu a mpira wa miyendo a ana m'tauni muno, ndipo mphunzitsi wina wa ku pulayimale, mnyamata wamtali wa ku Mzuzu, anavomera kuphunzitsa atsikana. Lamulo lake linali limodzi: wojomba kusukulu sakhudza mpira sabata yonse. Mwana wanga anapita tsiku loyamba kukangoonerera, lachiwiri analowa m'bwalo, ndipo mwezi usanathe ankadzuka yekha m'mawa, mwinanso n'kundidzutsa ine kuti madzi osamba achedwa.

Bambo ake ndi msodzi, ndipo poyamba anang'ung'udza. "Mpira wa atsikana ndi wa manja. Uwu wa miyendo akathyoka mwendo, mudzamubereka ndinu kumsana." Koma ataona kuti mwana wasiya kudoko, anangopitiriza kukonza ukonde wawo.

Bwalo la kusukulu linali la anyamata, ankalidzaza masana aliwonse. Atsikana ankapita ku Chikale, pamchenga wina kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Magolo anali nsungwi zozika pansi. Ankasewera opanda nsapato, ndipo akamaliza ankakhala pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi aja n'kumawauza za Edzi, za kudzisunga, ndi za kukana munthu wamkulu akamakunyengerera ndi zinthu. Zina mwa izo ine mayi wake ndinkachita manyazi kuzitchula, choncho ndinkathokoza kuti alipo wina wozinena.

Patapita pafupifupi zaka ziwiri, aphunzitsi anatiitana ife amayi a atsikanawo.

"Amama, Lachisanu likubwerali kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe odzaunika ntchito yathu. Akuyendera matimu onse. Kwina akuti anapeza matimu a dzina lokha, ana ongowatola m'njira tsiku la alendo. Matimu otere akuwatseka. Ife tilibe chobisa, ndiye musavutike kukonza chilichonse. Adzaonera anyamata ndi atsikana pabwalo la kusukulu, poti galimoto imafika pamenepo."

Mawu akuti "akuwatseka" anandikhala pamtima ngati mwala. Ndinkadziwa bwino kuti mpira ukatha, mwana wanga abwerera kudoko, ndipo anali atangotsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso a Sitandade 8.

Mawa lake titatuluka m'mapemphero a amayi, tinaima panja pa tchalitchi, ndipo ine ndi amene ndinayambitsa nkhani.

"Anzanga, aphunzitsi akuti tisakonze kanthu. Koma iwo ndi mwana, sakudziwa. Mlendo akamabwera timasesa pabwalo, timavala chitenje chabwino. Ndiye anthu achoke ku Lilongwe konse kudzaona ana athu mapazi ali pamtunda, ming'alu ili poyera? Adzati ndi ana opanda makolo."

Mnansi wanga, amene mwana wake anali goloboyi wa timuyo, anawomba m'manja. "Mwanena zoona, asisi. Koma nsapato tizitenga kuti?"

Anyamata anali atalandira jombo chaka chapitacho, zija zokhala ndi mano kunsi. Tinagawana nyumba. Masiku awiri tinayenda khomo ndi khomo, kukwera mapiri a tauni ino, kupempha amayi a anyamata kuti atibwereke. Ena anatipatsa anawo ali kusukulu, osadziwa. Tinasonkhanitsa zokwana timu yonse. Ndinazitsuka ndekha ndi sopo, n'kuziyanika padenga. Zinali zazikulu, inde, koma tinati palibe vuto, tinaika manyuzipepala ndi nsanza kutsogolo. Ndinagwada n'kuthokoza Ambuye potipatsa nzeru. Panopa ndikakumbukira pemphero limenelo ndimaseka, ndipo ndikhulupirira kuti kumwambako nakonso anaseka.

Lachisanu linafika. Anyamata anasewera poyamba, opanda jombo poti zinali kwa ife, alendo atakhala pamipando pansi pa mtengo. Analipo awiri: mayi wamfupi wovala magalasi, amene ankalemba m'kope nthawi yonse, ndi bambo wina wonyamula mapepala. Anyamata atangomaliza, tinatulutsa jombo zija kuseri kwa kalasi n'kuyamba kuveka atsikana.

"Ama, zikundilemera ngati ndamanga njerwa kumapazi," anatero mwana wanga.

"Khala chete iwe, vala. Ukufuna utichititse manyazi?"

Aphunzitsi atawaona atsikana akutuluka, akuyenda motakataka ngati abakha, anagwira kumutu. "Mama, izi ndiye ziti?"

"Ndi ulemu, aphunzitsi," ndinayankha monyadira.

Analibe nthawi yotsutsa, alendo anali akuyang'ana kale. Anaimba wezulo.

Abale anga, zimene ndinaona tsiku limenelo! Inali nyengo yotentha, bwalo louma gwa ngati simenti. Ana oti anazolowera mchenga ndi zala zawo za kumapazi anayamba kutsetsereka. Wina anathamanga masitepe atatu n'kugwa chagada. Wina anamenya mpira ndi mphamvu zake zonse, mpira unangosuntha pang'ono, koma jombo inauluka m'mwamba, manyuzipepala n'kumwazika bwalo lonse. Anyamata amene anaima m'mbali anagwa nazo kuseka.

"Jombo yangatu iyo! Yamwetsa chigoli yokha, mwini wake ndili pano!"

"Iwe, bweza nsapato zanga usanazithyole mano!"

Mwana wanga, amene aliyense ankati ndi mphepo, ankathamanga ngati ali m'matope ofika m'mawondo. Goloboyi anafuna kudumpha, mapazi anakana, mpira unadutsa pambali pake pang'onopang'ono iye akuuyang'ana. Mnansi wanga anaphimba nkhope ndi chitenje.

Ine ndinali pafupi ndi alendo, nditanyamula beseni la mandasi amene tinawakonzera. Ndinaona bambo uja akupukusa mutu, ndipo mayi wa magalasi anaitana aphunzitsi.

"Aphunzitsi, ndiuzeni zoona. Ana awa mwawasonkhanitsa liti? Dzulo?"

"Ayi, mayi, akhala akusewera zaka ziwiri. Kaundula ndi uyu."

Mayiyo anatsegula kaundula uja n'kumutsekanso. "Makaundula okongola tawaona ambiri. Munthu akhoza kulemba tsiku limodzi. Koma mwana amene wasewera zaka ziwiri sathamanga chonchi."

Anayamba kulemba m'kope lake. Ndinadziwa kuti chimene akulembacho ndi chotseka timu, ndipo wochititsa ndi ine. Mumtima ndinati, Ambuye, ndalakwa ndine, ndipatseni pakamwa. Ndinaika beseni pansi, n'kugwada patsogolo pake.

"Pepani mayi, ndilankhuleko. Aphunzitsiwa alibe mlandu. Anatiuza kuti tisakonze kanthu, koma ife amayi sitinamve. Jombozi si zawo anawa, tabwereka kwa anyamata. Chibadwire sanavalepo. Ine ndi amene ndinayambitsa, poopa kuti mudzawaona opanda nsapato n'kutinyoza."

Chichewa changa tsiku limenelo chinasakanikirana ndi Chitonga chifukwa cha mantha, koma anamva. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti atsikanawa alibe jombo zawozawo?"

"Alibe, mayi."

"Mukudziwa kuti mukanandinamiza bwino, ine ndikanalemba kuti ali nazo?"

Ndiye kuti palibe amene akanadziwa kuti anawo akusowa jombo. Nzeru imeneyo inali isanandifikepo.

"Dzukani, mayi, mawondo apweteka. Nanga amasewera kuti masiku onse?"

"Ku Chikale, pamchenga."

"Tiyeni komweko."

Bambo uja anati nthawi yatha, akuyenera kukafika kwina dzuwa lisanapendeke. Mayiyo anangoti kwinako adikira. Galimoto anaisiya pasukulu, tonse tinayenda wapansi. Unali mdipiti: atsikana patsogolo akudumphadumpha chifukwa mapazi amasuka, anyamata pambuyo aliyense atakolowetsa jombo zake m'khosi, ife amayi, ndi alendo pakati. Podutsa pamsika anthu ankafunsa ngati kuli ukwati. Pokwera kaphiri kolowera ku Chikale mlendo wathu anapuma kawiri, akupukuta thukuta, n'kunena kuti anthu a kuno sitifunika masewera ena, kuyenda kokhaku n'kokwanira.

Titafika, iyenso anavula nsapato zake, n'kukhala pabwato lina lovundikira. Aphunzitsi anaimba wezulo.

Sindidziwa malamulo onse a mpira, koma chokoma ndimachiona. Anawo anasintha ngati si omwe aja. Ankapatsirana mpira osayang'anana, akuitanana mayina, wina kuuponda ndi chala chachikulu n'kutembenuka nawo mnzake n'kudutsa yekha. Goloboyi uja anauluka n'kugwira mpira umene ine ndinali nditauwerengera kale kuti walowa, mayi ake n'kululutira mpaka asodzi anasiya maukonde kubwera kudzaona. Mwana wanga anazemba atsikana awiri, n'kumenya mpira umene unagwetsa nsungwi ya golo. Panabuka mkangano ngati chinali chigoli kapena ayi, ndipo mlendo uja anaimirira pabwato n'kukuwa kuti, "Chalowa chimenecho, ndachiona ndi maso anga!" Kope anali ataliiwala pamchenga.

Masewera atatha mlendoyo anatithamangitsa tonse, ife amayi ndi aphunzitsi omwe, n'kukhala ndi atsikana okha pansi pa mango paja pafupifupi ola lathunthu. Zimene anakambirana mwana wanga sanandiuze mpaka lero. Kenako anaitana ife mmodzimmodzi. Ine anandifunsa kuti chasintha n'chiyani pakhomo panga. Ndinamuuza za kudoko, za mabeseni a usipa, za m'mawa umene ndinkaima pakhomo osadziwa ngati mwana wafika m'kalasi. Anafunsanso chimene sichikuyenda bwino, ndipo ndinayamba kunena kuti zonse zili bwino, koma anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndiye ndinanena zoona: kuti anyamata amaumira bwalo, kuti pamchenga pamakhala minga ya nsomba ndi mabotolo osweka, ndiponso kuti ana ang'onoang'ono amabwezedwa chifukwa timu ndi imodzi. Zonse analemba. Mawa lake ndinamva kuti asananyamuke anapita kwa ahedi kukayerekeza kaundula wa mpira ndi wa m'kalasi.

Potsanzika ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumuthokoza m'Chitonga. "Yewu ukongwa, mayi. Ndiye timu simuitseka?"

"Ine sindigamula, mayi. Ndimangolemba zimene ndaona, ogamula ndi ena. Koma ndilemba zonse, za kusukulu zija ndi za kunozi."

Mawu akuti "za kusukulu zija" anandisowetsa mtendere miyezi iwiri. Mwana wanga anandikwiyira masiku atatu, akuti ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anyamata. Kumsika anzanga anandipatsa dzina loti amayi a jombo. Bambo ake nawo sanandisiye. Akamapita kunyanja ankati, "Kodi simungandibwerekereko jombo inenso, kuti nsomba zindipatse ulemu?" Ndinkaseka nawo, koma m'mapemphero a amayi sabata iliyonse ndinkapempha chinthu chimodzi chomwecho, mpaka amayi otsogolera anati Mulungu anamva kale ulendo woyamba, ndisamutopetse.

Tsiku lina sitima itaima padoko, anthu ali pikitipikiti, ndinaona aphunzitsi akudutsa pakati pa matumba ndi mitolo, kalata ili m'manja. Nkhope yawo sinkaonetsa kanthu.

"Mama, ndipatseni mandasi awiri kaye."

"Aphunzitsi, musandiphe ndi mtima. Nenani!"

Anaseka. Timu sinatsekedwe. Anati kuyambikanso ina ya atsikana ang'onoang'ono, ndipo bwalo la kusukulu lizikhala la atsikana masiku awiri pa sabata. Kenako anatambasula kalata ija n'kundimasulira ndime ina, poti inali m'Chingerezi. Mlendo uja analemba kuti pakhazikitsidwe komiti ya makolo, ndipo amayi asasiyidwe kunja, chifukwa amayi amene angathe kusonkhanitsa jombo za timu yonse m'masiku awiri, popanda wowatuma, angathe kuchita zambiri akauzidwa zoona zake za ntchitoyo.

Ndinayamba nyimbo yotamanda pomwepo, pakati pa doko, manja m'mwamba. Bambo wina amene ankadikira kugula nthochi anaima n'kudikira mpaka ndinamaliza ndime yonse, kenako anati amen n'kusankha phava lake.

Mu komitiyo anandisankha, ndipo ndinakhalamo zaka zinayi. Ntchito yathu yoyamba inali yotola mabotolo osweka pamchenga wa ku Chikale Loweruka lililonse m'mawa. Chaka chotsatira mwana wanga analemba mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa kupita ku sekondale. Tsiku lonyamuka bambo ake anamusenzera okha sutikesi mpaka pokwerera minibasi, akuuza aliyense m'njira kuti mwanayu liwiro anatengera iwo.