Mbewa ya a Medson

A Medson akhala akumeta anthu ku Biwi kuyambira kale ine ndili ndi tsitsi. Tonse ndife a ku Ntcheu, koma iwo anabwera m'tauni ndi luso, ine ndinabwera ndi pakamwa pokha. Kashopu kawo n'kamalata, kuseri kwa chigayo: mpando umodzi, galasi long'aluka, ndi benchi limene ndalikhalira mpaka lakumbika.

Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Ndinkawaseka kuti ayambira kachasu kuukalamba, chonsecho ndi mkulu wa mpingo. Tsiku limene anacheka khutu la mwana wasukulu, nthabwala inandithera. Anthu anayamba kulambalala, kukameta kwa anyamata apamsika. Kuchipatala anati vuto lili mu ubongo osati m'dzanja, nawapatsa mapilitsi. Koma iwo anandiuza kuti akadzangochekanso munthu, atseka shopu n'kubwerera kumudzi.

Ali ndi mwana wamkazi, Thokozire, amene sukulu inamufikitsa kunja. Ntchito yake ndi mbewa. Ataimba foni yoonana nkhope ija, anatifotokozera kuti mbewazo zimakhala ndi matenda onga a bambo akewa. Amazilumikiza timawaya kumutu kuti aone mmene ubongo ukugwirira ntchito, kenako amazipatsa mankhwala n'kuziyendetsa pa kamtengo kozungulira. Zikachedwa kugwa, ndiye kuti mankhwala agwira. Ine ndinafunsa ngati zakugwazo amafutsa. Anati ayi. Kuphunzira konseko, ndiwo n'kumangoziyang'ana.

Anawonjezera kuti mapilitsi a bambo akewo ali ndi nthawi imene amagwira bwino, kenako mphamvu imatsika, ndiye bambo ayese aone. A Medson anafunsa kuti ayesera pamutu pa yani. Onse awiri anandiyang'ana, wina ali pompo, wina ali kutsidya kwa nyanja.

"Achimwene, ine tsitsi latsala m'mbali mokha," ndinatero.

"Ndevu muli nazo. Khalani apa, mbewa inu."

Tinapangana kuti tsaya limodzi amete m'mawa atamwa mankhwala, linalo madzulo. Pakati pake ndinkayenda ndi ndevu theka. Akazi anga anakana kupita nane kumaliro tsiku limenelo, akuti anamfedwa angaseke.

Tsaya lam'mawa linasalala ngati la mwana. Lamadzulo linali ngati ndalimbana ndi mphaka. A Medson ataona magazi anayika lezala pansi, nayamba kuchotsa galasi pamsomali. Anati mawu awo aja akwana.

"Munati mukacheka munthu," ndinatero, nditagwira tsaya. "Ine mwandicheka ndili pa ntchito ya umbewa. Bwezerani galasilo."

Anaima nalo kanthawi, likugwedera m'manja, kenako analikoleka.

Ndevu zitamera tinabwereza, zinatuluka chimodzimodzi. Thokozire anaseka kuti mbewa imodzi si umboni, komanso anati akauze adokotala awo. Ndiye ndinakakopa a Jeremiah, anzanga opuma pa ntchito ya ulonda, osawauza za tsaya lamadzulo. Mpaka pano amandipatsa moni ndi dzanja lokha.

Masiku ano shopu imatsegulidwa m'mawa basi. Anthu abwerera ochepa, ambiri ndi ife okalamba. Dzuwa likapendeka a Medson amasunga lezala, timatulutsa bawo. Nkhomo zimawapulumuka m'dzanja, ine n'kumawatolera, ndipo zina ndimaziponya dala m'maenje anga. Amandionadi. Amandidyabe.