Mizere ya a Sakala

Ndikukumbukira chaka chimene atate anathyoka mwendo, ndipo musadabwe ndikamaseka, chifukwa sindikudziwa chaka china chomwe tinaseka chotero pakhomo pathu, pafupi ndi mtsinje wa Kanakantapa. Inali nthawi ya Chitaganya, msewu waukulu wochokera ku Fort Jameson udakali wafumbi. Atate ankabwerera pa njinga pamene lole yodzaza matumba a mtedza inaterereka pakona n'kuwakankhira m'ngalande. Anachokera kuchipatala ku Lusaka mwendo uli m'pulasitala, wolemera ngati mtondo.

Mlandu unapita kukhoti. Kalaliki wa kampani ya malole anabwera atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, nati chipukutamisozi chidzaperekedwa akuluakulu akamaliza kuunika nkhaniyo. Koma mitambo inali itayamba kuda, munda wathu uli wosalima. Amai anali ndi khanda kumsana, ine woyamba kubadwa ndili kamtsikana kolephera ndi ndowa yomwe. Tikanaphonya mvula yoyamba, njala ikanatigwera pakhomo.

Amai anga sanali munthu wolira atakhala pansi, ayi ndithu. M'mawa wina anandisenzetsa khasu la atate, tinapita kumsewu, ndipo titamva kulira kwa lole ija, anakaima pakati penipeni. Mayo ine, mabuleki! Fumbi linatikuta, fungo la dizilo lili guu. Anatsika dalaivala wake, a Sakala, bambo wa mimba yaikulu.

"Amai, mufuna nikugundeni na imwe?"

"Mwendo munathyola uja ndiye unali kutilimira," anatero amai. "Mvula siyembekeza khoti. Kwanu ku Petauke, wopweteka mnzake amachita bwanji?"

A Sakala anavula kapusi, nayang'ana pansi. "Amatenga khasu lake," anayankha. Ine ndinangowapatsa.

Kuyambira pamenepo, akamabwerera ku Lusaka lole ili yopanda katundu, ankaiimika pansi pa mkuyu n'kulowa m'munda. Koma kulima kwake, abale! Munthu anasiya khasu ali mnyamata. Mzere unkayamba bwinobwino, kenako n'kukhotera kuchulu, n'kubwerera ngati wayiwala kanthu. Atate, amene tinkawanyamulira kumunda pa mpando, ankakuwa: "Ongolani, a Sakala! Mwayambanso za pakona paja!" Iwo ankapukuta thukuta n'kuyankha kuti khasu lilibe chiwongolero. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi chikho cha mbewu, ndikuseka mpaka kutaya chimanga. Matuza ataphulika m'manja mwawo, amai omwewo amene anawaimitsa pamsewu ndiwo anawamanga ndi kansalu n'kuwapatsa munkoyo wozizira kuti amwe.

Mbiri inamveka kuti kwathu kwa a Banda kukulima dalaivala. Anansi athu a mtundu wa Chisoli anabwera kudzaonerera zachilendozi, koma kuonerera munthu akuvutika uli chiimire n'kochititsa manyazi. Mmodzi anabwereka khasu kuti awaonetse kagwiridwe kake, wina anathamangira lake kunyumba, azimayi anayambitsa nyimbo. Madontho oyamba anatipeza tikukwirira mzere womaliza. Fungo la dothi lonyowa lija ndimalimvabe. Tonse tinathawira pansi pa lole, atate atanyamulidwa kumsana ndi a Sakala, mwendo woyera uli tolotolo, onse awiri akuseka ngati ana. Tsiku limenelo ndinaloledwa kuliza hutala, mbuzi za mudzi wonse zinabalalika.

Chimanga chinamera mokhotakhota momwemo, koma chinabereka, nkhokwe inadzaza. Chipukutamisozi chinafika titakolola kale, atate n'kugulira njinga ina. Anatsimphina moyo wawo wonse, komabe lole ija ikaliza hutala podutsa, ankakweza ndodo yawo mokondwa. Mpaka lero kwathu mwana akakhotetsa mzere timati walima za a Sakala.

Tsopano msewu uja ndi wa phula, malole ake ndi aatali ngati sitima. Mdzukulu wanga wina inamugunda imodzi akupita kukagulitsa tomato. Maloya ndi a inshuwalansi anagwira ntchito yawo, ndalama zinabwera, ndipo ndikuthokoza. Koma dimba lake linauma iye ali m'chipatala, ndipo nkhope ya dalaivalayo sitinaione. Ndinalakalaka kutenga khasu n'kukaima pamsewu monga amai, koma adzukulu anandigwira mkono, akuti agogo, malole a masiku ano saima.