Chaka chimene adada anajambula ntchefu

Kamera ija inkanunkha chikopa chakale ndi timibulu toyera tija toika m'sutikesi kuti njenjete zisadye zovala. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo miyendo imandizizira, ngati ndaimanso m'mame kumunda kwathu, kumtunda kwa Katowo, dzuwa lisanatuluke. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo chimanga chinali chitangoyamba kubereka.

Pamalopo tinali obwera. Adada ndi amama anabadwira kumapiri a Nyika, koma malire a nkhalango ya nyama atafutukuka, mudzi wathu wonse unauzidwa kuti utsike. Tinapatsidwa munda m'mphepete mwenimweni mwa malirewo. Anthu tinamvera, koma nyama palibe anakaziuza. Ntchefu, zimene kwathu timati sefu, zinkatsika m'bandakucha zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zazikulu kuposa ng'ombe, n'kulowa m'chimanga ngati zinalima nawo. Ntchito yanga, poti ndinali woyamba kubadwa, inali kudzuka tambala atalira kachiwiri, kukakhala pachulu n'kumamenya chitini cha palafini mpaka zithawe. Kenako ndinkasamba madzi ozizira n'kuthamangira kusukulu.

Kupha ntchefu kunali kudziitanira ndende. Kudandaula mokweza nakonso kunali ndi mtengo wake, pakuti masiku amenewo mawu ankafika kutali mwiniwake asanafike n'kunyumba komwe. Adada anali atapitako kamodzi ku ofesi ina ku boma, chipewa kumanja, ndipo anawayankha kuti nyama sizidumpha malire, zimenezo ndi ng'ombe za anansi. Patapita masiku anauza amama kuti apeza nzeru: akajambula chithunzi. Chithunzi sichilankhula, anatero, ndiye palibe angachimange.

Kamera anabwereka kwa aphunzitsi a Gondwe, amene ankajambula maukwati ndi ana obatizidwa mapemphero akatha. Munali filimu ya zithunzi khumi ndi ziwiri. A Gondwe anawaphunzitsa adada monga momwe iwo ankajambulira anthu pakhonde la tchalitchi, ine ndili pomwepo ndikumva. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Wojambulidwayo aime chilili, akuyang'aneni. Adzaze chithunzi chonse, osamusiya ngati nyerere pakati pa bwalo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Nyirenda," anatsiriza motero, akuwakoleka lamba wa kamera m'khosi.

Adada anali munthu womvera malangizo mpaka kunyansa. M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi, chifukwa kwathu kujambula inali nkhani yaulemu, ndipo anandilanda ndodo yomenyera chitini. Anati ndikachita phokoso nyama zithawa kusanayere, pamene kamera imafuna dzuwa. Choncho tinagwada kuseri kwa chulu, bambo ndi mwana, tikumvetsera chimanga chathu chikudyedwa.

Phokoso limenelo sindidzaliiwala. Choyamba kunkamveka miyendo ya yamphongo ikulira kuti tha, tha, tha poyenda, kenako mapesi kuthyoka, kenako kutafuna kosafulumira, kwa nyama yodziwa kuti palibe aithamangitse. Nkhungu inkagona m'mizere, fungo la ndowe yofunda likusakanikirana ndi la chimanga chachiwisi. Dzuwa likangonyambita nsonga za mitengo, ntchefu zija zinkatembenuka n'kubwerera kumtunda, kutisiyira michira. Adada ankakweza kamera, kuitsitsa, kuikwezanso. Nthawi zina ankatola, koma kawirikawiri ankangopumira m'mwamba n'kunena kuti sinayang'ane kuno.

Zinatero sabata yoyamba, yachiwiri, mpaka yachinayi. Ndinatopa, ndinene zoona. Masamba a chimanga anandicheka mikono, diresi inkanyowa mpaka m'chiuno, m'mawondo munalowa chisanu chimene sichinkatuluka ngakhale masana. Kusukulu ndinkasinza pa masamu, ndipo chikwapu ndinachilawa kuchokera kwa a Gondwe omwewo amene anatibweretsera zonsezi. Ndinayamba kudana nayo kamera ija, ndi jekete lomwe, ndi msana wa adada umene ndinkauyang'ana m'mawa uliwonse osasuntha.

Amama ndiye anali atafika pakhosi. Ankapita kumunda dzuwa litakwera, kutola zitsononkho zolumidwa theka n'kubwera nazo m'chitenje, kudzaziunjika pamaso pa adada. Tsiku lina adada anayesa kuwakumbutsa za maso a nkhono.

"Awiske Tiwonge, nkhono sidya chimanga," anatero amama, powaitana ndi dzina langa monga timachitira m'Chitumbuka. "Mubwezereni mwanayu chitini chake. Kodi chaka chamawa tidya chithunzi?"

"Pachoko waka, anyina Tiwonge, pang'ono pokha. Chatsala chimodzi."

Anali kunena filimu. Chimanga nachonso chinali chitatsala pang'ono, mbali yonse ya kumtunda itagona pansi.

Tsiku lake linafika mu Malichi, mvula itagwa usiku wonse n'kukata. Zazikazi zinabwerera mwachizolowezi, koma yamphongo inatsalira. Dzuwa linatuluka kumbuyo kwathu, ndipo iyo inakwera pamzere wokwezeka, pafupi moti ndinkaona nthunzi ikutuluka m'mphuno mwake. Inadzutsa mutu, nyanga zopotana zija zikunyezimira, n'kutiyang'ana. Adada anali chogwada, ndipo ndinamva kamera ikuti tche. Koma sanadzuke. Anangokhala akuiyang'ana, iyonso ikuwayang'ana, nthawi yaitali ndithu, milomo yawo ikugwedera ngati akupereka moni. Itachoka m'pamene anandipatsa ndodo ija. Ndinamenya chitini m'munda mopanda nyama mpaka manja kuwawa, ndikulira ndi mkwiyo.

Filimu anapita nayo ku Mzuzu a Gondwe sukulu zitatsekera, ndipo zithunzi zinabwera titakolola kale. Nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Tinasonkhana pamkeka kuziona. Khumi ndi chimodzi zinali nkhungu, michira, ndi chala cha adada. Chomaliza chinali chokongola moti ngakhale amama anachiyang'anitsitsa. Ntchefu inadzaza chithunzi chonse monga anafunira a Gondwe, chifuwa patsogolo, maso ali pa ife, kumbuyo kwake thambo loyera lokhalokha. Poti adada anajambula atagwada, pansi sipanaoneke. M'ngodya munali timasamba tiwiri timene aliyense akanati ndi udzu.

"Nanga chimanga chili kuti?" anafunsa amama.

Adada anachitembenuza chithunzicho n'kuyang'ana kuseri kwake.

Ku boma tinapitabe, ine ndi iwo, pa lole ya fodya, makhadi achipani ali m'thumba la jekete poti panjira ankawafunsa. Tinafika oyera ndi fumbi, ndipo tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Bwana amene anatilandira anali wochokera kuchigawo chapakati, munthu wansangala, wa Chichewa chosalala chimene adada ankachitsatira mopunthwa. Anatenga chithunzi chija n'kuchikweza kuwindo.

"Mwajambula nokha, bambo? Koma ndiye muli ndi dzanja! Kunali ku Chelinda, m'kati mwa nkhalango, kumeneku?"

"Yayi, bwana. M'munda mwanga."

"Munda uli pati pamenepa?" anaseka bwanayo, osati mwachipongwe ayi. "Ngakhale azungu aja obwera ndi makamera aatali sajambula chonchi. Mundisiyire, chikhale pano anthu aziona."

Anachikhoma pakhoma ndi kapini, pafupi ndi kalendala. Adada anaima chipewa kumanja, anatsegula pakamwa, anayang'ana kukhomo kumene kunali anthu ena akumvetsera, ndipo anangothokoza kuti, "Yewo chomene, bwana." Tinatuluka.

Ine ndinali wonyada, ndisaname. Ndinauza kalasi yonse kuti chithunzi cha adada chili pakhoma la boma. Kunyadako kunatha mu Disembala, ufa utatha, amama akupita kukalima m'minda ya eni kuti abwere ndi chinangwa, ife tikudya kamodzi patsiku. Pamenepo ndinagamula mlandu mumtima mwanga, kuti adada anapusitsidwa ndi malangizo a ukwati, n'kudikira nyama kuti iime ngati mkwati pamene ife tinkafuna wakuba agwidwe ali pakamwa mbuu. Ndinakula ndi chigamulo chimenecho, ndipo amama anapita nacho kumanda.

Koma tsopano ndapitirira zaka zimene adada anali nazo nthawi imeneyo, ndipo pali chinthu china chimene chimandibwerera. M'mawa wina kuseri kwa chulu, ntchefu zikubwerera kumtunda, anandinong'oneza kuti njira imene zatengayo imadutsa pamudzi wathu wakale, pamene panagona agogo. Iwo sankaloledwa kukwerako ngakhale kukalambula manda. Nyamazo zinkachokera kumeneko m'mawa uliwonse, mame a kwawo ali m'miyendo. Sindikuti anachita bwino, chifukwa njala ija ndinaimva ndine. Kungoti sindikhulupiriranso kuti masabata anayi onse aja ankadikira dzuwa.

Chithunzicho sitinachionenso. Chimene ndinatsala nacho ndi kachidutswa ka filimu kamene a Gondwe anabweza mu envelopu. Ndikakakweza kuwindo, thambo limaoneka lakuda, ntchefu yoyera, ikuyang'anabe munthu wogwada uja. Ndimafufuza m'ngodya monse ngati amama, ndipo chimanga mulibe.