Chigoli cha m'chiperoni

Masewerawo anabwera nawo ndi bwana wamng'ono wa kufakitale, mnyamata wa kumpoto amene anali atangotuluka kumene ku koleji. Ankati anawaona m'nyuzipepala yakunja. Umasankha osewera m'matimu osiyanasiyana n'kupanga timu yako ya m'mutu, ndipo iwo akachita bwino pabwalo lenileni, iwe umakolola mapointi uli chikhalire. Mpira wa ku Ulaya tinkangoumvera pawailesi, choncho tinagwirizana zosankha osewera a pa esiteti yathu ya tiyi pomwepo, a m'matimu a madivishoni, zigawo za esitetiyo, amene ankakumana Loweruka lililonse. Tinali anthu ochepa, tonse obwera: ine mphunzitsi, makalaliki awiri, wa kuchipatala ndi bwana wamng'onoyo. Wopambana pakutha pa ligi ankatenga mbuzi.

Amuna a ndevu zathu tinkakhala pakhonde la kalabu kulimbirana anthu amene Lolemba lake akakhale m'munda wa tiyi, dengu kumsana. "Ameneyo ngwanga." "Ayi, ndinayamba kumutenga ndine." Eni ake sitinawafunse n'komwe, ndipo panthawiyo sizinkandichititsa manyazi.

Malamulo tinawapanga tokha. Wakutsogolo akagoletsa, mapointi ochepa, poti ndi ntchito yake. Wotchinga kumbuyo akagoletsa, mapointi ambiri. Munthu akadzigoletsa, chigolicho chinalibe mwini woti adyerepo. Za goloboyi kugoletsa palibe anaziganizira, chifukwa ndani analota zimenezo?

Bwalo lathu linali lopendekera, monga malo onse a ku Thyolo. Timu yotsetsereka inkathamanga ngati yalipidwa, yokwera mtunda inkalavula malilime. Loweruka lina m'nyengo yozizira, ligi ili pafupi kutha, kunagwa chiperoni. Nkhungu inali mbuu, kamvula kowaza, mphepo ikuwomba kutsikira kumunsi. Goloboyi wa kumtunda anamenya mpira mwamphamvu kungofuna kuuchotsa pagolo pake. Mphepo inaunyamula, unadutsa onse, unanjanja pa udzu wonyowa, n'kulumpha goloboyi wa kumunsi amene anali atatuluka pang'ono. Iye anadumpha chafutambuyo, manja m'mwamba, koma mpira unakalowa.

Womenya mpirayo anali m'timu ya m'mutu ya bwana wamng'ono. Ine ndi iye tinali phazi ndi phazi pamwamba, ndipo chikanawerengedwa ngati chigoli cha wotchinga kumbuyo, mbuzi inali yake. Anafika pakhonde akuyenda ngati tambala. Ine ndine munthu wamakani, ndipo kamnyamatako kankandinyansa ndi kale chifukwa cha chizolowezi chake chondikonzera Chingerezi pagulu. Ndinangoti, "Chimenechija si chigoli cha munthu wanu. Goloboyi wa kumunsi anaukhudza ndi zala. Ukanamenya mtanda wa golo, koma iye anaulowetsa yekha. N'chodzigoletsa."

Ndinali nditaima kumbali ya golo lakumunsilo, ndiye anzanga anandikhulupirira mwatheka. Bwana wamng'ono anakana. Tinakafunsa woimbira mpira, iye anati ntchito yake inali kuona ngati mpira walowa, osati amene waulowetsa. Mlandu unakhala wopanda woweruza, choncho ndinayamba kusaka mboni. Ndinalankhula kugolosale, kuchigayo, pamzere wa kuchipatala, ngakhale panja pa tchalitchi. Ndinkachita kusonyeza ndi thupi langa, kudumpha chafutambuyo, zala zili gwedegwede, anthu n'kumafa nazo kuseka. Sabata isanathe, aliyense pa esiteti anali ataona zala zimenezo, ngakhale amene tsikulo anali kumaliro ku Changata. Ana a kukomboni anayamba kumuimba goloboyiyo kuti wa manja obooka. Anzanga anavota, chigoli chinakhala chodzigoletsa, bwana wamng'ono sanapeze kanthu.

Chimene ndinkachidziwa bwinobwino, koma osafuna kuchiganizira, n'chakuti goloboyi wa kumunsiyo anali waganyu wa sizoni. Tiyi akasiya kuphuka m'nyengo yozizira, aganyu ankauzidwa kuti abakapuma kwawo mpaka mvula. Odziwa mpira okha ndi amene akapitawo ankawapezera kantchito kodulira tiyi kuti timu ya divishoni isafe. Ntchito yake, ndi kachipinda kake ka kukomboni, zinali m'manja mwakemo. Loweruka lotsatira pagolo anaimikapo wina. Kutha kwa mwezi anamuuza kuti odulira achuluka.

Mbuzi ndinaitenga. Tinaiotcha kuseri kwa kalabu, ndipo ndinadya, sindinganame. Koma ndinasiya kudutsa njira ya kukomboni.

Goloboyi uja anandipeza yekha. Linali tsiku la sukulu, ana atangoweruka, ndikutseka chitseko cha kalasi. Anaima patali pang'ono, chipewa m'manja, bambo wamtali wa mapewa akugwa. Kumsewu mkazi wake ankamudikira ndi ana ndi mitolo ya katundu. Ndinaganiza kuti wabwera kudzanditukwana, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atatero.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu abambo?"

"Ife tikupita kumudzi ku Kapichi, ntchito ija yatha. Ndiye ndinati ndisanapite ndikufunseni kanthu kamodzi, poti akuti inuyo ndi amene munaona bwino." Anayang'ana zala zake, zokhakhala ndi zodetsedwa ndi tiyi. "Tsiku lija kunazizira heve, manjawa anachita dzanzi, sindinamve chilichonse. Ndakhala ndikuganiza, osapeza yankho. Kodi mpira uja ndinaukhudzadi?"

Ndinayesa kubwerera pabwalo paja m'maganizo. Ndinaona nkhungu, ndinaona munthu akudumpha. Zala zimene ndinkaziona zikugwedera zinali zanga, za kugolosale ndi kuchigayo. Ndinali nditaisewera nkhaniyo kambirimbiri mwakuti sindinkadziwanso chimene maso anga anaona. Ndikanatha kumuuza zimenezo. Koma bwana wamng'ono ankadutsa chapafupi panjinga yake yamoto, ndipo anali atachepetsa liwiro kutiyang'ana.

"Munaukhudza," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa dzina la matenda ake.

"Chabwino. Ngati mwatero inu aphunzitsi, ndiye kuti ndi zoona. Ndimaopa kuti mwina angondinamizira. Basi, ndalakwa ndekha. Zikomo kwambiri, mutsale bwino."

Anandigwira chanza ndi manja awiri, anavala chipewa chake, n'kupita kukasenza mtolo waukulu.